Nyumba ya zipinda 1,037 ku Detroit

Ife tikangomva dzina lakuti Freemason, maganizo amathamangira ku nkhani zoopsa zimene timauzana m'minibasi. Lero mphekesera tiziike pambali, tione nyumba yokha: miyala yake, zipinda zake ndi ngongole yake.

Mumzinda wa Detroit ku America muli Masonic Temple, nyumba ya a Freemason yaikulu kuposa zonse padziko lapansi. Maziko anayamba kukumba mu 1920, nthawi imene mafakitale a galimoto anali kukokera anthu ndi ndalama mumzindawo. Anaitsegula mu 1926.

Amene anajambula pulani ndi George D. Mason. Nyumba zambiri za gululi zinkatengera akacisi a Agiriki kapena a Aigupto, koma iye anasankha Gothic, kamangidwe ka macalici akale a ku Ulaya, poti a Freemason amati mizu yao ili mwa amisiri osema miyala amene anamanga macalici aja. N'cifukwa cake ukaiona patali umayesa ndi calici. Mbali ina ndi nsanja ya nyumba zosanja 14, yokutidwa ndi miyala yocokera ku Indiana.

M'kati ndiye muli nkhani. Zipinda zilimo 1,037, ndipo zambiri zokongoletsa anazipanga ndi Corrado Parducci, mmisiri wobadwira ku Italy. Cipinda ciliconse ca misonkhano cili ndi nkhope yakeyake: ici ca Ciigupto, ico ca Cigiriki, cina ca Tudor ya ku England. Holo ya masewero imalowa anthu oposa 4,000. Cimene catikondweretsa kwambiri ndi holo yogubiramo: pansi pake anayala matabwa pamwamba pa nsalu zocindikala, kuti miyendo ya oguba isamapweteke. Anthu awa anaganizira ndi maondo omwe!

Koma anatafuna zoposa kukamwa kwao. Dziwe losambiramo ndi holo ina ya masewero sizinamalizidwe, ndipo cuma ca America citagwa mu 1929 panalibenso wozikhudza. Anthu ena amati Mason anadziponya kucokera padenga cifukwa ca ngongole. Limenelo ndi bodza: mkuluyu anamwalira mu 1948, zaka zake zitapitirira 90. Kodi si ife tokha okonda kukometsera nkhani?

Zaka zinapita, mafakitale anatsekedwa, mamembala anacepa, koma denga ndi magetsi a zipinda zonsezo zinafunabe ndalama. Mu 2013, caka cimene mzinda wa Detroit weniweniwo unalengeza kuti walephera kubweza ngongole, nyumbayi inatsala pang'ono kulandidwa cifukwa ca msonkho. Munthu wina amene poyamba sanachulidwe dzina analipira madola 142,000. Pambuyo pake zinadziwika kuti ndi woimba Jack White, mwana wa mumzindamo. Amai ake anagwirapo nchito m'nyumbayo, yolozera anthu pokhala, pa nthawi imene nchito inali kuwasowa. Holo imodzi anaicha dzina lake, ndipo masiku ano acinyamata amalowamo ndi tikiti kukamvera nyimbo.