Wiese: Dzina la Kudambo Limene Linafika kwa Mpezeni

Pa Chipasula, ku Area 23 kuno ku Lilongwe, anthu akakumana kaŵirikaŵiri amayamba afunsana mfunda asanafunsane kumene akuchokera. Wina akati ndi Phiri, wina Banda, wina Jere, pamenepo chibale chapezeka. Nawo Ajeremani ali ndi maina a mabanja otere, ndipo limodzi mwa iwo, la Wiese, linaloŵa m'mbiri ya Angoni a ku Mchinji ndi Chipata.

Kalekale munthu wa ku Germany ankakhala ndi dzina limodzi lokha. Kuyambira cha m'zaka za m'ma 1100, pamene mizinda inkakula ndipo anthu a dzina lofanana anachuluka, kunafunika kuwasiyanitsa. Ena anatchedwa ndi ntchito yawo: Müller ndiye wopera tirigu, Schmidt ndiye wosula zitsulo. Ena anatchedwa ndi malo amene anamangapo. Wokhala paphiri anali Berg, monga Phiri wa kuno, ndipo wokhala m'mbali mwa dambo la msipu anali Wiese, pakuti m'Chijeremani mawuwa atanthauza dambo. Eni ake amatchula kuti "Vize". M'kupita kwa nthaŵi dzinalo linakhala la banja lonse, mwana nkumatengera la bambo wake monga achitira Angoni, ngakhale mdzukulu amene sanalionepo dambolo.

Mmodzi mwa adzukulu otere anali Carl Wiese, wamalonda a minyanga ya njovu amene anakhazikika m'dera la Tete. Cha m'ma 1885 iye anafika kwa Inkosi Mpezeni, mwana wa Zwangendaba wa chiŵongo cha Jere, ndipo anamulandira bwino. Mpezeni ankafuna nsalu, mfuti ndi wonga, ndipo Wiese ndiye ankadziŵa njira ya ku Zambezi. Pakati pa 1888 ndi 1891 Wiese anatsogolera ulendo m'dzina la boma la Apwitikizi, nabwerako ndi mapepala onena kuti mfumu yamulola kukumba miyala ya mtengo wapatali m'dziko lake.

Mlandu wonse unagona pa mapepala ameneŵa. Kwa Mngoni, kupatsa mlendo malo ndi kumusunga, ndipo nthaka imakhalabe ya mfumu ndi anthu ake. Kwa anthu a makampani ku London, pepala lokhala ndi chidindo linali katundu wogulitsa monga nyanga ya njovu. Nkovuta kukhulupirira kuti Wiese, amene anakhala nthaŵi yaitali pakati pa Angoni, sankadziŵa kusiyana kumeneku.

M'chaka cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagaŵana malire, ndipo dziko la Mpezeni linagwera mbali ya Angerezi, mwini wake osafunsidwa. Mapepala a Wiese anasinthana manja, kufikira mu 1895 pamene kampani ya North Charterland Exploration Company inapatsidwa malo okwana masikweya mailosi 10,000. Azungu ofuna golide anayamba kuloŵa, Wiese ali nawo limodzi. Mpezeni anali atakalamba ndipo ankazengereza, koma mwana wake Nsingo pamodzi ndi anyamata a nkhondo anaona kuti mlendo wasanduka mwini mudzi. Kumapeto kwa 1897 Wiese anatumiza uthenga wakuti iye ndi anzake azingidwa.

Asilikali amene anapita kukamupulumutsa anachokera m'dziko lino la Malaŵi, limene pa nthaŵiyo linkatchedwa British Central Africa. Mu Januwale 1898 iwo anakumana ndi Angoni. Nthungo ndi zishango sizinathe kulimbana ndi mfuti za Maxim, ndipo nkhondo inatha m'masiku oŵerengeka. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Nsingo anagwidwa naomberedwa mu Febuluwale, ndipo Mpezeni anadzipereka. Anamwalira mu 1900. Boma la Mchinji linakhala zaka zambiri likutchedwa Fort Manning, potengera dzina la William Manning, mkulu wa asilikaliwo, monganso Chipata inkatchedwa Fort Jameson.

Golide wochuluka amene ankamuyembekezera uja sanapezeke. Chimene kampani inatsala nacho ndi nthaka, ndipo ina inagulitsidwa kwa Azungu olima fodya, eni dziko nkupanikizidwa m'malo ochepa amene posakhalitsa anaguga. Munali mu 1941 pamene boma la Northern Rhodesia linagula malo otsala a kampaniyo kuti anthu abwerereko. Mwambo wa Ncwala, umene unaleka nkhondo ija itatha, unayambiranso mu 1980. Lipoti limene Wiese analemba la ulendo wake linatembenuzidwa m'Chingerezi ndi kusindikizidwa mu 1983, ndipo ophunzira mbiri amaliŵerenga pofuna kudziŵa mmene mudzi wa Mpezeni unalili asilikali asanafike.