Sefuliya Yolankhula: Mbiri ya Wailesi ya Mapaundi Asanu

Pali mlandu womwe achinyamata a masiku ano amazengedwa pafupifupi pakhomo lililonse, wakuti ndalama zawo zimathera pa foni. Mnyamata wa kabaza amadumpha nkhomaliro kuti agule itel yatsopano, mtsikana wogulitsa mandasi amapatula ya bandulo asanapatule ya sopo, ndipo akuluakulu amangopukusa mitu n'kumati dziko latha ndi matama. Mlanduwu ine sindiuvomereza wonse, ndipo chifukwa changa chili m'mbiri. Makolo a akuluakulu omwewa nawonso adadzimana kuti agule kanthu kosadyedwa, kosavalidwa. Kanali kawailesi kooneka ngati sefuliya, ndipo kadafika m'maiko athu ano m'chaka cha 1949.

Nkhani yake idayambira ku Lusaka. M'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, boma la atsamunda la Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia, lidatsegula kanyumba koulutsira mawu. Cholinga chinali kufalitsa nkhani za kunkhondo, makamaka kwa mabanja omwe ana awo adatengedwa usilikali. Koma mwa anthu akuda panalibe ambiri omwe anali ndi wailesi yawoyawo. Mawailesi a nthawiyo anali aakulu, okwera mtengo, ndipo ambiri ankalira magetsi. Boma lidangoika ochepa pa maboma, m'mabwalo a mafumu ndi m'maholo a kumigodi kuti anthu azisonkhana n'kumamvera. Njirayi sinkapita patali. Batire likatha kapena kachitsulo kakafa, wailesi inkakhala duu kudikira wodziwa kukonza, ndipo mayi wa kumudzi sakadasiya mphika pamoto kuti akaimirire pabwalo la mfumu.

Nkhondo itatha, maboma a atsamunda adagwirizana kuti Lusaka iziulutsira anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, pomwe Salisbury iziulutsira azungu. Siteshoniyo idatchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inkalankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Mkulu wa nthambi yofalitsa nkhani ku Lusaka, Harry Franklin, adaona kuti kuulutsa mawu kwa anthu opanda chomvera kunali kutunga madzi ndi dengu. Chomwe chinkafunika chinali wailesi yotchipa, yolimba, yoyendera batire, yomwe munthu angaike m'nyumba mwake.

Franklin adatha zaka zitatu akugogoda m'makampani a ku Britain. Ambiri adamubweza chifukwa sankakhulupirira kuti munthu wakuda angatulutse ndalama yake kugula chinthu chotere. Yomwe idavomera inali Ever Ready, kampani yodziwika ndi mabatire. Apa ine ndimaona kuti eni kampaniyi adawerenga bwino masamu awo: wailesi munthu amagula kamodzi, koma batire amagula mpaka wailesiyo itafa.

Imodzi mwa mawailesi oyamba oyeserera adaimangira m'chitini cha aluminiyamu chomwe chidapangidwa kuti chikhale sefuliya, chotambalala mainchesi 9, ndipo dzina lakuti Saucepan Special lidachokera pamenepo. Mkati mwake munali mavalavu anayi, timababu tagalasi tomwe tinkagwira ndi kukuza mawu matransista asanabwere. Inkakoka mawu pa shortwave, motero munthu ali ku Mzimba kapena ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, ankamva Lusaka ndi maiko ena akutali. Timabowo take adatiphimba ndi kasefa kuti tizilombo tisalowe, ndipo adaipaka utoto wabuluu poti atsamundawo ankaganiza kuti mitundu ina anthu angaikane chifukwa cha zikhulupiriro. Batire lake linali lalikulu, losalowa mkati, ndipo linkakhala maola 300.

Mtengo wake unali mapaundi 5, batire masheleni 25. Kwa antchito ambiri a nthawiyo, imeneyi inali ndalama yoposa malipiro a mwezi wathunthu. Tikumbukirenso kuti 1949 ndi chaka chomwe ku Nyasaland anthu amachitchula ndi mantha mpaka lero, chaka cha njala yomwe idasautsa chigawo cha kummwera mvula itakana. M'midzi yozungulira Blantyre masefuliya enieni anali gwaa, anthu akukumba mizu kutchire. Ogula oyamba sanali anthu amenewa ayi. Anali akalaliki a m'maofesi, aphunzitsi, amisiri, ogwira ntchito kumigodi ndi alimi omwe adagulitsako fodya. Komabe m'miyezi itatu yoyamba mawailesi 1,500 adagulidwa, ndipo m'zaka zochepa zotsatira okwana 50,000 adalowa m'maiko ano. Makampani omwe adamubweza Franklin aja adaona okha kuti msika unalipo.

Funso lomwe limandikoka ndi lakuti anthuwa ankagula chiyani kwenikweni. Boma linali ndi yankho lake. Linkafuna kuphunzitsa anthu kukumba zimbudzi, kuwiritsa madzi, kukhoma msonkho ndi kumanga migula m'minda, malamulo a malimidwe omwe alimi ankadana nawo chifukwa ankabwera ndi chindapusa ndi ndende. Linkafunanso kuti anthu azimva nkhani kuchokera pakamwa pa boma asanazimve kwa andale. Anthu ankamvera zonsezi monga mmene mwana amamwera mankhwala owawa podikira shuga. Chomwe ankadikira chinali nyimbo ndi moni.

Pulogalamu yomwe idatchuka koposa inali Zimene Mwatifunsa, momwe omvera ankalemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale. Kuti timvetse mphamvu yake, tiyenera kukumbukira mmene mabanja adamwazikira nthawi imeneyo. Amuna a ku Nyasaland ndi kummawa kwa Northern Rhodesia anali ku Kitwe, ku Luanshya, ku Wankie, ku Bulawayo, ku Salisbury komwe ankati ku Halale, ndi ku Joni kudzera ku Wenela. Ena adasanduka matchona, osadziwika ngati ali moyo. Kalata inkayenda masabata, ndipo ikafika pankafunika mwana wa sukulu woti aiwerenge. Tsono taganizani mayi wa ku Dedza atakhala pakhonde la mphunzitsi madzulo, n'kumva dzina la mwamuna wake, dzina la mudzi wake ndi dzina lake lomwe zikutuluka m'sefuliya, m'chinenero chake, mudzi wonse ukumva. Pa mphindi imodzi yokhayo adadziwa kuti mwamunayo ali moyo, ali pantchito, ndipo sadamuiwale. Palibe phunziro la zimbudzi lomwe likadapikisana ndi zimenezo.

Nyimbo nazo zidasintha njira. Antchito a siteshoniyi ankayenda m'midzi ndi makina ojambulira mawu, n'kukaulutsa nyimbo za pamtondo, za ng'oma ndi za kalimba kwa anthu omwe sadafikeko kumidzi imeneyo. Alick Nkhata, muulutsi komanso woimba gitala yemwe adabwerako kunkhondo, adatenga nyimbo zamakolo n'kuziveka zovala za m'tauni, akuimba m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Mlozi adayamba kuzolowera Chinyanja, Mchewa adayamba kung'ung'udza nyimbo ya Chishona. Mmodzi mwa azungu omwe ankagwira ntchito pamenepo, Peter Fraenkel, adalemba buku la zaka zimenezi lomwe lidatuluka mu 1959, ndipo adalitcha Wayaleshi, potsata mmene anthu ankatchulira chipangizocho. Dzina lomwelo likuonetsa kuti chinthucho chinali chitaleka kukhala cha alendo.

Koma chikondichi chidayesedwa. Pamene azungu ankakonza zophatikiza maiko atatuwa kukhala Chitaganya, chomwe chidayamba mu 1953, anthu akuda ambiri pamodzi ndi mafumu awo adakana kwamtuwagalu. Wailesi ya ku Lusaka inali ya boma, ndipo inkaulutsa zomwe boma linkafuna kuti anthu amve za Chitaganyacho. Omvera adayamba kuikayikira. Mphekesera zidabuka zakuti aulutsi akuda a pasiteshoniyi ankagwirizana ndi banyama, omwe ku Malawi timati anamapopa, anthu opopa anzawo magazi. Mawu omwe dzulo lake ankabweretsa moni wa mwamuna wa ku Wankie adasanduka mawu oopedwa. Mu 1958 ntchito youlutsa mawu idapita m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation, ndipo Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963. Anthu sadataye mawailesi awo. Adangophunzira kusefa: nyimbo ankalandira, nkhani ankazimva ndi khutu limodzi.

Ufulu utabwera mu 1964, Malawi idakhala ndi MBC yakeyake, ndipo matransista adachepetsa kukula kwa wailesi ndi mtengo wa mabatire. Sefuliya ija idalowa pansi pa bedi, m'malo mwake mudabwera Nzeru yolumikizidwa ku Blantyre ndi Supersonic. Wobwera kuchokera ku Joni ankatsika basi ndi zinthu zitatu zomwe mudzi unkayang'ana: njinga, sutikesi ndi wailesi. Kwathu ku Ntcheu wailesi inkakhala pakabati itafundidwa kansalu koluka, ndipo wopotokola kabatani anali bambo okha. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe kuti atipirireko mpaka Kapalepale atatha. Nthawi ya mauthenga a maliro ikakwana, nyumba yonse inkati zii, aliyense akutchera khutu ku dzina la mudzi ndi la mfumu. Kangapo konse tidanyamuka ulendo wa kumaliro chifukwa cha zomwe tidamva pamenepo, kalata isanafike.

Wailesi imeneyi nayo inali ndi mwini wake. M'chaka cha 1968 chipani cholamula chidagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chinenero cha dziko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi. Banja la ku Rumphi lomwe lidagula Nzeru ndi ndalama yake lidapezeka kuti silingamvenso chinenero chake m'nyumba mwake momwe. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu, nkhani za pa MBC zinkayamba ndi Ngwazi n'kuthera kwa Ngwazi. Koma luso losefa lija anthu anali nalo kale, ndipo shortwave inalipobe. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, wailesi ya boma idaidzudzula, koma anthu ankatseka zitseko usiku, kutsitsa mawu, n'kupotokolera ku BBC ndi ku wailesi ya ku South Africa yomwe inkaulutsa m'Chichewa. Pofika pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, kachipangizo komwe kadabwera kudzalankhulira boma kanali katathandiza anthu kudziwa zomwe boma linkabisa.

Zotsatira zake ambiri tidaziona ndi maso. Mawailesi omwe si aboma adatsegulidwa, wailesi ya kanema ya TVM idayamba mu 1999, ndipo chaka chomwecho Celtel idabwera kudzapikisana ndi TNM pa mafoni a m'manja. Poyamba foni inali ya mabwana, yopachika palamba kuti aliyense aione, monga mmene sefuliya ija inalili ya akalaliki ndi aphunzitsi. Kenako idatsika mtengo n'kufika kumudzi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti ku Malawi mabanja opitirira theka anali ndi foni ya m'manja, pomwe wailesi inali m'banja limodzi mwa atatu alionse. Izi sizikutanthauza kuti anthu adaleka kumvera, popeza wailesi yomweyo idalowa m'foni pamodzi ndi tochi, kamera ndi kakhadi kodzaza nyimbo.

Ndikayang'ana zomwe anthu amachita ndi mafoniwa, ndimaona Zimene Mwatifunsa yomwe ija. Mwana ali ku Johannesburg kapena ku Leeds amajambula mawu pa WhatsApp, ndipo agogo ake osadziwa kuwerenga amawamvera kawiri katatu, n'kuitana aneba kuti amve nawo. Uthenga wa maliro umafika tsiku lomwelo, chipepeso n'kutsatira pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Masamu a Ever Ready nawonso sadafe: foni timagula kamodzi, koma bandulo, mayunitsi ndi ya tchaji pa shopu ya sola timalipira sabata ndi sabata. Mantha nawo alipobe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabukanso ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera oyandikana nawo, anthu n'kuphedwa, nthawi yomwe foni inali m'matumba mwa anthu ambiri. Chipangizo chimafulumizitsa uthenga, koma sichiuza munthu yemwe ayenera kumukhulupirira.

N'chifukwa chake ndikamva akuluakulu akudzudzula mnyamata wa kabaza uja, ndimavomera mbali imodzi yokha. N'zoona kuti alipo ogula foni yodula kuti angoonedwa, monganso analipo oyenda ndi wailesi paphewa pamsika mabatire atatha kale. Koma kwa ambiri m'chigawo chino, momwe pafupifupi banja lililonse lili ndi wina kutali, ndalamayi imagula kumva mawu a mbale wako m'chinenero chanu. Mafunso oyenera kufunsa ndi omwe mbiri ya sefuliya ija idatisiyira: ndani akudya phindu la batire lomwe tikugula mwezi ndi mwezi, ndani akusankha zomwe tikumva, ndipo ndi zinenero ziti zomwe zikusiyidwa kunja. Mafunso amenewa anali a ogula mu 1949, ndipo akadali athu.