Kuyesa malata: mmene kompyuta imathandizila kupanga zipangizo zoyesela

Citsulo ciliconse copyapyala cili ndi malile a mmene cingapindikile kapena kutanuka cisanang'ambike. Nkhaniyi imakhudza mlimi wa m'boma la Rufunsa amene wagulitsa cimanga kuti afolele nyumba ndi malata, komanso mmisili amene amasula mbaula ndi ndowa m'mbali mwa mseu wa Great East. Lata likang'aluka popindidwa, dzimbili limayambila pamng'alupo, ndipo ndalama zimapita pacabe.

Njila yakale yodziwila malile amenewa ndi ya Erichsen, imene inayamba m'zaka za m'ma 1910. Cidutswa ca lata amacipana mwamphamvu m'mphepete, kenaka mpila wacitsulo wa mamilimita 20 umacikankha pakati mpaka mng'alu utaoneka. Kuzama kwa dzenje limene lapangika ndiko kumaonetsa mmene latalo lingatanukile. Mu 1968, Nakajima wa ku Japan ndi anzake anafotokoza njila ina yoyesela zidutswa zosiyana m'lifupi. Masiku ano njilayi ili m'muyezo wa ISO 12004, ndipo cokankhila cake cimakhala ca mamilimita 100.

Vuto n'lakuti cipangizo coyesela naco cikhoza kunamiza. Cokankhila cikamakhulana kwambili ndi lata, mng'alu umabadwila pambali m'malo mwa pamwamba pa dzenje. Copanila cikakhala cofooka, lata limatelelekela mkati, ndipo limaoneka lotanuka kuposa mmene lilili.

Apa ndi pamene kompyuta imathandiza. Mapulogilamu monga LS-DYNA, Abaqus ndi AutoForm amagawa cithunzi ca lata m'tizigawo tambilimbili, n'kuwelengela mmene kacigawo kalikonse kakutanukila ndi kupyapyala pamene cokankhila cikulowa. Injiniya amasintha kukula kwa cokankhila, mphamvu ya copanila ndi mtundu wa mafuta otelezela, mpaka mng'alu utagwela pamalo oyenela. Zonsezi zimacitika asanadule citsulo cokwela mtengo copangila cipangizoco.

Komabe kompyuta imawelengela zokhazo zimene yapatsidwa. Manambala onena za kulimba kwa citsulo akakhala olakwika, yankho nalo limalakwika. N'cifukwa cake cipangizo cikapangidwa, amaciyesabe ndi lata lenileni, n'kuyelekezela mng'alu wake ndi umene kompyuta inalosela.