Kutchera, Kuliza ndi Kujambula: Mawu a pa Wailesi ya Kaseti

Makina aja okhala ndi chogwirira pamwamba, masipika awiri uku ndi uku, kachitseko ka kaseti pamimba ndi chivundikiro cha CD pamutu, ife timangowatcha wailesi. Zilibe kanthu kuti mwini wake chaka chonse sanamverepo nkhani, ntchito n'kumva nyimbo za kwaya basi. Dzina ndi lomwelo. Mabatani ake analembedwa m'Chingerezi, koma tamverani anthu akamauzana zochita: yatsa, tchera, kweza, bweza, tembenuza, fufuta. Maina a zipangizo tinabwereka, koma aneni ambiri ndi athuathu, ndipo anachokera kutali ndi magetsi. Ena ndi a pamoto, ena a kuuzimba, ena a padwale.

Dzina lalikululo ndi liwu la Chingerezi lakuti wireless, kutanthauza chopanda waya. Kale uthenga wachangu unkayenda m'mawaya omangidwa pamitengo. Choncho pamene Guglielmo Marconi analembetsa luso lake ku London mu 1896, kenaka mu 1901 n'kuolotsa chizindikiro panyanja ya Atlantic kuchokera ku Cornwall kukafika ku Newfoundland, chimene chinazunguza anthu mitu n'chakuti pakati panalibe chingwe. Chinthucho chinatchedwa dzina potengera chimene chinalibe. Angerezi eni ake liwuli analisiyira agogo. Iwo amati radio, lochokera ku Chilatini radius, cheza cha kuwala kapena sipoko ya gudumu. Ife tinasunga lakalelo, monganso Abemba amene amati wayaleshi. Tinangoliveka i kumapeto, poti liwu la Chichewa silithera m'malere: tepi, basi, shati.

Liwuli linalowa m'nyumba zambiri kuyambira mu 1949, pamene kampani ya Ever Ready inapanga kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kozungulira ngati sefuliya, kogulidwa mapaundi 5. Anakakamira kuti kapangidwe ndi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkafika mpaka ku Nyasaland m'Chinyanja. MBC inadzabadwa mu 1964, ndipo dzina la Nzeru, kampani ya ku Blantyre, linadzakhala pa mawailesi ndi mabatire a m'midzi. Pali anthabwala amene amati wailesi ndi waulesi n'pachibale, poti womvera amangokhala tambalale. Nthabwala yokoma, koma muzu si umenewo.

Zimene wailesi imagwira zimachita kuulutsidwa. Mbalame imauluka, ukaichititsa kuuluka waiulutsa, mayi woimirira pamphepo ndi lichero la mapira, kuti mankhusu apite kwawo, akuuluza. Onsewa ndi ana a mimba imodzi. Angerezi nawo liwu lawo lakuti broadcast analitenga kumunda, pakuti poyamba linkatanthauza kufesa mbewu momwaza ndi dzanja. Iwo anayang'ana pansi pogwera mbewu, ife tinayang'ana m'mwamba mopita mawu, ndipo pano ndingati tinalasa ndife.

Kuyatsa ndi kuzimitsa ndi aneni a moto, ndipo sanabwere mongoyerekeza: mawailesi oyambirira anali ndi timababu m'kati timene tinkayakadi. Pa wailesi yonyamula m'manjayi nthawi zambiri pamakhala kachitsulo kamodzi kosankhira, kokhala ndi malo atatu, CD, RADIO ndi TAPE. Pa mitundu yambiri malo a TAPE ndiwonso pozimitsira, moti mlendo amafufuza batani lozimitsira mpaka thukuta, pamene mwana wa m'nyumbamo amangokankha kamodzi.

Mneni wokoma koposa onse ndi kutchera. Mlenje amatcha msampha, amatchera nkhanga, ndipo akatchera kumwezi nkhanga zimaona. Kuchoka kuthengo liwuli linafika pamutu wa munthu, n'kukhala kutchera khutu, kenaka linafika pa wailesi. Onani nzeru ili m'menemo. Wotchera sathamangitsa nyama. Amaika msampha pamene nyama imadutsa, n'kudikira. Mawu a nyumba zonse zoulutsira mawu ali kale m'chipinda mwanu nthawi imodzi, akudutsana. Mukamapotokola kagudumu kaja, kamuvi n'kumayenda pa manambala, mukusuntha msampha kuti ukole njira imodzi yokha. Pa FM njirazo zili pakati pa 87.5 ndi 108, ndipo mafunde ake sakonda phiri lotchinga. Apa m'pofunika kusolola kandodo kachitsulo kaja n'kukapendeketsa uku ndi uku mpaka phokoso litatha. Pa MW kandodoko kalibe ntchito, chifukwa chokolera mafunde chili m'kati, kamtengo kakuda kokulungidwa ndi waya; chofunika n'kutembenuza wailesi yonseyo. Ambiri sadziwa zimenezi, amalimbana ndi kandodo kosalakwa mpaka kukathyola. Pa SW, pamene akuluakulu ankasakapo Channel Africa ya ku Johannesburg m'Chinyanja, dzanja liyenera kukhala lofatsa kwambiri, poti ukangosuntha pang'ono wadumpha dziko lathunthu.

Kandodoko pamsika amati eriyo, kuchokera ku aerial, chinthu cha mumlengalenga. M'mabuku mupeza mlongoti, liwu lapachibale ndi mlingoti la Chiswahili, mtengo wautali wa pangalawa womangapo thanga. Chodabwitsa n'chakuti antenna, dzina lina la chinthu chomwechi, m'Chilatini linalinso mtengo wa pangalawa, wopingasa, wopachikapo thanga.

Wailesi ikagwira, imalira. Kulira m'Chichewa n'kotakata: mwana amalira, tambala amalira, belu limalira, ng'oma imalira, ndipo maliro ndi dzina lotuluka m'tsinde lomwelo. Ukachititsa chinthu kulira wachiliza, n'chifukwa chake timaliza kaseti monga timalizira ng'oma. Masiku ano pamveka oulutsa mawu ena akuti “tikuseweretseni nyimbo”, kutsata play wa Chingerezi phazi ndi phazi. Kwathu kuno kuseweretsa chinthu n'kusachisamala, ndipo kuseweretsa munthu ndi chipongwe. Woimba amene anagulitsa mbuzi kuti akalowe mu situdiyo sangakondwe kumva kuti nyimbo yake ikuseweretsedwa.

Mawu timakweza ndi kutsitsa, ngati katundu. Voliyumu yolembedwa pa batanipo inachokera ku volumen, mpukutu wa zolemba. Kuchoka pa mpukutu linatanthauza buku, kenaka kukula kwa buku, kenaka kukula kwa chilichonse, mpaka kukula kwa phokoso. Akale anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo pa sipika mwambiwu sufuna kumasulira: m'kati mwake muli chipepala cholimba chimene chimanjenjemera, ndipo mukamva chayamba kusasa mawu, tsitsani.

Kaseti ndi liwu la Chifalansa, cassette, kabokosi. Mchira wakewo, -ette, ndi wochepetsa chinthu, ntchito imene kwathu imagwiridwa ndi ka- wa kumutu: kamwana, kanyumba. Ndiye mwangozi chabe liwuli linafika kuno litavala kale ka-, ngati lobadwira konkuno. Koma lilime silinapusitsike. Likanakhala ka- wathu, zambiri tikanati tiseti, timati makaseti. Kabokosika kanatulutsidwa ndi kampani ya Philips mu 1963, pansi pa utsogoleri wa Lou Ottens. M'kati muli tepi yopyapyala, mamilimita 3.81 m'lifupi, yopakidwa fumbi la chitsulo logwira maginito, ndipo imayenda masentimita 4.76 pa sekondi. Ya C60 imalira mphindi 30 mbali iliyonse, ya C90 mphindi 45. Ikatha mbali A mumaitulutsa n'kuitembenuza, mneni yemwe uja wa chinangwa chili pamoto.

Tepi imadyedwanso. “Wailesi yadya tepi” ndi chiganizo chimene aliyense wa zaka za makaseti anachinenapo mokhumudwa. Mano ake ndi awiri: kachitsulo kozungulira ndi kagudumu ka labala, zimene zimapana tepi n'kumaikoka. Labalayo ikada imayamba kunata, tepi n'kuzengerera pamenepo m'malo mopita ku gudumu lake. Mankhwala ake ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti, kupukuta labalayo ndi kamutu kowerenga mawu, n'kudikira ziume. Tepi yotuluka matumbo imabwezedwa ndi cholembera cha Bic, chimene ngodya zake 6 zimakola bwino timano ta m'bowo la kaseti. Ambiri ankabweza tepi yonse motero, kuizunguza m'mwamba, kuti asunge mabatire.

Nanga kujambula? Mneni mmodziyu amagwira ntchito ya pensulo, ya kamera, ya makina oonera mafupa kuchipatala ndi ya maikolofoni. Chichewa sichinasiyanitse diso ndi khutu: kutenga chifaniziro cha chinthu n'kuchisunga, kaya ndi nkhope kaya ndi liwu, n'kujambula. Batani lofiira lija lili ndi mbiri ina. Record anachokera ku Chilatini recordari, kukumbukira, ndipo pakati pake pali cor, mtima. Kwa Aroma kukumbukira kunali kubwezera chinthu mumtima, zimene sizachilendo kwa anthu amene amaloweza pamtima. Pojambula, batani lofiiralo limatsika limodzi ndi la PLAY, ndipo chimene kachitsulo kosankhira kaloza, wailesi kapena CD, n'chimene chimalowa pa tepi. Wochenjera amayamba watsitsa PAUSE, kuti nyimbo ikangoyamba angomasula. Kujambula kumafufutiratu zakale, popeza tepi imayamba yadutsa pa kamutu kofufuta isanafike pa kolemba. N'chifukwa chake kumsana kwa kaseti kuli timapulasitiki tiwiri tothyola, kamodzi ka mbali iliyonse. Mukathyola, batani lofiira limakana kutsika, ndipo mawu a agogo kapena ulaliki wa pa ukwati zapulumuka. Mukadzasintha maganizo, kachidutswa ka selotepi pabowopo kamatsegulanso njira.

Pali aneni awiri amene tinabwereka ndithu, ndipo onse ndi okopera: kutepa ndi kubena. Woyamba tinaupanga kuchokera ku dzina la tepi. Wachiwiri ndi burn, kuwotcha, poti kuwala kwa leza kumatenthadi utoto wa pa CD yopanda kanthu polembapo. Sitinaumasulire, ndipo tinachita bwino, chifukwa munthu atakuuzani kuti wawotcha chimbale chanu simungamuthokoze. Oimba nawo sathokoza obena; bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992, ntchito yake ina ndi yolimbana ndi kukopera kopanda chilolezo.

Chimbale ndiye liwu lonyaditsa. Ndi mbale yodyera yomweyi, itavala chi- wokuza. Linayamba ndi mbale zakuda za galamafoni, zozungulira maulendo 78 pa mphindi, zimene zinkasweka zikagwa, zobwera m'masutikesi a anthu ochokera ku Joni ndi ku Halale. Anthu anaona chinthu chozungulira, chophwatalala, nati mbale. Osadziwa, anabwereza zimene zinachitika ku Ulaya zaka mazanamazana m'mbuyomo: disc anachokera ku Chigiriki diskos, chimbale choponya pa masewera, ndipo liwu lomwelo, litadzera m'Chilatini, linabala dish, mbale yodyera ya Angerezi. Pamene Philips ndi Sony anatulutsa CD mu 1982, ya masentimita 12 m'mimba mwake, dzina linali likudikira kale. Lero woimba amakhazikitsa chimbale chimene chili pa intaneti pokha, chopanda mbale iliyonse.

CD siikhudzidwa ndi singano. Kuwala kumaiwerenga kunsi, kumbali yonyezimira, kuyambira pakati kupita kumphepete, mosiyana ndi mbale za galamafoni. Igwireni m'mphepete, ndipo popukuta yambani pabowo kupita kunja, osati mozungulira, chifukwa kukalika kotsata mzere wa nyimbo n'kumene kumaidumphitsa. Imadumphanso wailesi ikagwedezeka, ndiye chogwirira chija n'chonyamulira popita, osati povina.

Masipika awiri aja ndiwo stereo, kuchokera ku Chigiriki stereos, cholimba, chokhala ndi thupi. Alan Blumlein analembetsa lusoli ku Britain mu 1931: mawu a kumanzere ndi a kumanja amajambulidwa padera kuti womvera amve gitala uku, ng'oma uko. Pa wailesi yonyamula masipikawo ali pafupi kwambiri, moti izi zimamveka ukakhala patsogolo pake penipeni. Liwuli silinamere mizu m'Chichewa. Limene linamera ndi gumbagumba, lodziwikanso ku South Africa ndi ku Botswana, lomveka ngati kugunda kwa besi komweko. Aamerika nawo anamvera khutu, nati boombox.

Zonsezi zimadalira batire, liwu lochokera kunkhondo. Muzu wake ndi battre wa Chifalansa, kumenya, ndipo battery linali gulu la mizinga yoombera pamodzi. Benjamin Franklin ndiye analibwereka mu 1749 potchula magalasi osunga magetsi amene anawalumikiza pamzere. Kunena mwa mbiri yake, limodzi si batire. Ndi 6 kapena 8 akuluakulu aja, a mavoti 1.5 lililonse, ondondozana kumsana kwa wailesi, mutu wa ili kugunda thako la linzake. Akayamba kufooka, CD ndiyo imayamba kukana, chifukwa ili ndi mota ndi leza zofuna kudya. Kenaka kaseti imayamba kukoka, woimba wa mawu okwera n'kusanduka wa besi. Wailesi yeniyeniyo imapitirira masiku ena, poti ilibe chozungulira. Kuyanika mabatire padzuwa kumawadzutsa kwa kanthawi kochepa chabe, sikubwezeramo mphamvu. Ndipo ngati wailesi ikhale miyezi osalira, kapena mwayamba kugwiritsa ntchito chingwe cha magetsi, atulutseni, chifukwa akatha amachucha madzi amene amadya masipuling'i a m'chipinda chawo.