Komiti ya Sukulu m'Mbiri ya Maphunziro a M'Malawi

Sukulu yoyamba ya makalasi m'dziko lino idatsegulidwa ndi amishoni a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, ndipo m'zaka zotsatira, pamene mishoni za Blantyre, Mvera ndi Likoma zinkafalikira, sukulu zambiri za m'midzi zinkayamba ndi chilolezo cha mfumu, imene inkapereka malo ndi kumema anthu kuti adule mitengo, aphome zipupa ndi kufolera denga, kwinaku amishoni akutumiza monitala, ndiye kuti mphunzitsi wothandizira amene iyenso anali asanapite patali ndi maphunziro. Kugawana ntchito kotereku, kwakuti mudzi umange koma eni mphamvu akhale kwina, kudakhazikika kalekale boma lisanalowererepo, pakuti nthambi yoona za maphunziro idadzakhazikitsidwa mu 1926, patapita zaka ziwiri chibwerereni nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zimene zidadandaula ndi kuchepa kwa thandizo la boma la atsamunda.

Lamulo la maphunziro la 1962 lidapereka udindo wina woyang'anira sukulu za pulaimale ku makhonsolo a m'maboma, koma mu ulamuliro wa Kamuzu Banda zinthu zikuluzikulu, monga kulemba aphunzitsi, silabasi ndi mayeso, zinkagamulidwa kulikulu la unduna wa zamaphunziro. Komiti ya sukulu, lomwe ndi gulu la makolo ndi anthu ena a m'dera osankhidwa kuti aziyang'anira sukuluyo, inkadziwika makamaka ndi kuumba njerwa, kuwotcha uvuni, kututa mchenga ndi kumanga nyumba za aphunzitsi, ntchito zimene zinkafika pachimake pa sabata ya achinyamata. Makolo ankalipiranso fizi, ndipo ngakhale inali yolemetsa kwa osauka, inkawapatsa mtima woti sukuluyo ili ndi mbali yawo.

Chaka cha 1994 chidagwedeza zonsezi. Boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi, chiwerengero cha ana a pulaimale chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, aphunzitsi zikwizikwi adalembedwa asanaphunzitsidwe ntchito, ndipo makalasi ambiri adakhala pansi pa mitengo. M'madera ena makolo adamva kuti mawu akuti "ulere" akutanthauza kuti boma lasenza zonse, ena n'kuyamba kuyerekeza ntchito zachitukuko ndi thangata, ntchito yokakamiza ya m'minda ya atsamunda, kotero kuti makomiti adafooka panthawi imene ankafunika koposa. Nkosayenera kuwadzudzula makolowo mopepuka, chifukwa munthu amene kwa zaka zambiri adangoitanidwira kudambo kukaponda dothi, osafunsidwapo za kayendetsedwe ka ndalama, sakadaona komiti ngati chinthu chake.

Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998, pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la chaka chomwecho, idalonjeza kuti sukulu za pulaimale zidzayendetsedwa ndi makhonsolo, koma makhansala osankhidwa mu 2000 atatha nthawi yawo mu 2005, dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka 2014, ndipo ndalama za maphunziro m'maboma zinkayenda popanda diso la makhansala ovoteredwa. Kusintha kwenikweni kudadza ndi thumba lotukulira sukulu, lodziwika kuti SIG, limene lidayamba cha m'ma 2010: sukulu imalemba dongosolo la zosowa zake pamodzi ndi makolo, mlangizi wa sukulu za m'zoni amaliunika, ndalama n'kulowa mu akaunti ya sukulu ku banki, kumene wa komiti amasainira nawo. Ndalamazo ndi zochepa ndipo nthawi zambiri zimafika mochedwa, n'chifukwa chake sukulu zambiri zinkasonkhetsabe makolo ndalama za chitukuko, komabe kusainira kumeneku ndi mphamvu imene makomiti akale sadailawepo.

Zipangizo zophunzirira nazo zayenda njira yomweyo, yochokera kumwamba kutsikira kumudzi. Pambuyo pa sileti, choko ndi bolodi, padabwera wailesi, monga pulogalamu ya Tikwere imene inkaulutsidwa pa MBC kwa ana a makalasi oyambirira, kenaka matabuleti ophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, amene mabungwe a VSO ndi onebillion adawayesa kuyambira 2013, boma n'kuwakulitsa mu 2023 kudzera mu pulogalamu ya BEFIT. Amene amasankha ndi kugula zipangizozi ndi unduna ndi mabungwe othandiza, pamene kulemba mlonda wa usiku, kulimbitsa chitseko cha chipinda chosungiramo ndi kuteteza masola kwa akuba kumagwera komiti ndi mafumu, ndipo m'sukulu zambiri malipiro a mlondayo amachokera m'matumba a makolo omwewo amene agogo awo adaumba njerwa za kalasi yoyamba.