Zengerezu sanakwerepo sitima: ana a Chiradzulu ndi kalendala ya sukulu za kunja

Boma la Chiradzulu ndi laling'ono pa mapu, koma nkhani yotumiza ana kukaphunzira kutsidya la nyanja linaiyamba kalekale, sekondale yoyamba ya dziko lino isanatsegulidwe ku Blantyre mu 1940, Yunivesite ya Malawi isanalotedwe nkomwe. A John Chilembwe anachokera kuno. Dokotala woyamba wachimalawi, a Daniel Sharpe Malikebu, anachokeranso kuno. Ine kwathu ndi ku Ndunde, ndipo ku Mbombwe, kumene kuli PIM, sikutali. Komabe ambiri a ife tinakula tikudziwa mbali imodzi yokha ya mbiriyi, ya mfuti ndi mikondo ya 1915.

Lero ndikufuna tiiwerenge ndi diso lina, diso la nthawi. Ananyamuka liti? Anadikira zaka zingati? Chinawachedwetsa nchiyani? Ndikufunsa izi chifukwa achinyamata tikakumana timangofunsana kuti "kunja ndingapite bwanji?" Funso loti "ndiyambe liti?" silimveka kawirikawiri, chonsecho ndi limene limagwetsa anthu ambiri anzeru.

Tiyambe ndi a Chilembwe. Mu 1892 anayamba ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale Joseph Booth. Anakhala naye zaka zisanu, akuphunzira Chingerezi, akumasulira, akusamala ana. Mu 1897 ndi pamene awiriwa anakwera sitima kupita ku America. Kumeneko mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention unawalipirira sukulu ku Virginia Theological Seminary and College, mumzinda wa Lynchburg, ndipo mu 1900 anabwerera ali mbusa nkudzayambitsa Providence Industrial Mission. Taonani masamu ake: zaka zisanu zokonzekera, zaka zosapitirira zitatu ali kunjako. Masiku amenewo kunalibe fomu, kunalibe tsiku lotsekera. Khomo linali munthu. Munthuyo akamanyamuka, iwe unayenera kukhala utakonzeka kale, apo ayi sitima ikusiya padoko.

A Malikebu anali mwana wasukulu pa PIM pomwepo. Mu 1902 kunabwera mphunzitsi wachikuda wochokera ku America, mayi Emma DeLaney, ndipo mnyamatayu anakhala pafupi nawo. Mayiwa atabwerera kwawo mu 1905, iye anawatsatira. Anayenda wapansi mpaka ku Beira, nkugwira ntchito m'sitima kuti awoloke nyanja. Anaphunzira ku Selma m'chigawo cha Alabama, kenako ku Durham, mpaka anamaliza zaudokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville mu 1917. Zaka 12 chichokereni kumudzi.

Koma ali m'kalasi kumeneko, kuno kwathu kunagwa zazikulu. Pa 23 Januwale 1915 a Chilembwe anaukira atsamunda, pa 3 Febuluwale anaphedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe chinagumulidwa, mishoni nkutsekedwa. A Malikebu atabwera ndi digiri yawo mu 1921, boma la Nyasaland linawakaniza kukhala m'dziko lawo lomwe. Munthu wa PIM wophunzira ku America, atsamunda ankamuona ngati moto wobisala muphulusa. Anakagwira ntchito ku Liberia pamodzi ndi akazi awo, mayi Flora, mpaka 1926 pamene analoledwa kubwera kudzatsegulanso mishoni. Zaka zisanu zinapita osati chifukwa cholephera mayeso ayi, koma chifukwa boma lili ndi wotchi yakeyake, ndipo silifunsa maganizo a mwana wasukulu.

A Kamuzu Banda sanali a kuno, anali a ku Kasungu, koma njira yawo inakathera ku Meharry komweko. Anachoka kwawo wapansi cha mu 1915, anagwira ntchito pachipatala ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu ku Zimbabwe, kenako m'migodi ya ku South Africa. Sitima ya ku America anaikwera mu 1925, mpingo wa AME utalonjeza kuwathandiza. Zaka khumi panjira asanalowe m'kalasi imene ankailakalaka. Anadutsa ku Wilberforce, ku Chicago, nkumaliza zaudokotala mu 1937. Apa mpamene pali phunziro limene ambiri timalidumpha: pepala la ku America silinali lokwanira kuti agwire ntchito yaudokotala m'dziko lolamulidwa ndi Britain. Anayenera kupitanso ku Edinburgh, kumene anamaliza mu 1941. Pepala labwino m'dziko lina likhoza kukhala losakwanira m'dziko linzake, ndipo kulikwaniritsa kumadya zaka.

Womaliza ndi a Legson Kayira a ku Nthalire, amene ananyamuka wapansi mu Okutobala 1958 atamaliza sukulu ku Livingstonia. Iwowa ndiye mlatho pakati pa dziko lakale ndi lathuli. Atafika ku Kampala analowa mulaibulale ya a America, nkupeza buku la mayina a makoleji. Analemba kalata ku Skagit Valley College, m'chigawo cha Washington, ndipo anawalandira nkuwapatsa thandizo la fizi. Malo anapezeka, koma ulendo unali usanathe: panafunika visa, panafunika ndalama ya ndege. Visa anakaipezera ku Khartoum, ndalama anasonkha ndi anthu a ku Mount Vernon kumene kuli kolejiyo, ndipo anakafika mu Disembala 1960. Nkhani yonse anailemba m'buku lawo lotchedwa I Will Try. Kalata yokulandira si tikiti, anzanga. Ndi chiyambi chabe cha mzere wina.

Anthu anayiwa nthawi yawo inkathera mumsewu ndi panyanja. Ife msewu unafupika. Ukakwera ndege ku Chileka lero, mawa uli ku London. Koma zaka zimene iwo ankataya poyenda, ife timazitaya pophonya tsiku. Kuyambira pamene thandizo la maphunziro linakhala la mabungwe, monga la Commonwealth limene linayamba mu 1959 ndi la Chevening mu 1983, khomo linasiya kukhala munthu. Linasanduka deti. Ndipo deti silimva kuti kwanu kunali maliro kapena kuti netiweki inavuta.

Ndiye tiyeni tiike makalendala awiri pamodzi. Mayeso a MSCE timalemba pakati pa chaka, zotsatira nkutuluka cha m'Ogasiti kapena Seputembala, nthawi zina mochedwerapo. Mwezi umenewo mayunivesite a ku Britain ndi ku America amakhala akuyamba chaka chatsopano, ndi ophunzira amene anapereka mafomu awo miyezi isanu ndi itatu kapena khumi yapitayo. Ku Britain mafomu a digiri yoyamba amadzera ku UCAS: ofuna Oxford, Cambridge kapena zaudokotala amatsekeredwa pakati pa Okutobala, ena ambiri mu Januwale. Ku America, Common App imatsegulidwa pa 1 Ogasiti, sukulu zambiri zimatseka gawo la ofulumira kumayambiriro kwa Novembala, gawo la onse kumayambiriro kwa Januwale. Ku South Africa chaka chimayamba mu Febuluwale, koma mayunivesite akuluakulu amatseka mafomu pakati pa Juni ndi Seputembala chaka cham'mbuyo. Chevening, imene ndi ya masters, imatsegulidwa mu Ogasiti nkutsekedwa Disembala asanafike, maphunziro nkudzayamba chaka chotsatira, ndipo imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri.

Mwaona pamene pali vuto? Amene amati "ndidikire kaye zotsatira, kenako ndiyambe kufufuza" amakhala atataya chaka asanalembe chilembo ngakhale chimodzi. Msuweni wanga wina anakhoza bwino zedi Fomu 4, mudzi wonse unalulutira. Anayamba kufunsa za sukulu za kunja mu Febuluwale, nkupeza paliponse potseka. Nzeru anali nazo, mapointi anali nawo. Chimene analibe ndi munthu womuuza kuti mafomu amadzazidwa chaka chathunthu ulendo usanachitike. Akuluakulu anati Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma nthawi zina si ulesi, ndi kusauzidwa basi.

Phunziro la a Kamuzu lija nalonso lilipobe. Mayunivesite ambiri a ku Britain salandira MSCE yokha kuti munthu alowe digiri mwachindunji. Amafuna A-level, kapena chaka chokonzekera, kapena kuti uyambe waphunzirako kuyunivesite ya kuno. Ku South Africa wochokera kunja amafunika satifiketi yochokera ku Matriculation Board yotsimikiza kuti mapepala ake akukwanira. Zimenezi muzidziwe muli Fomu 3, osati mutagula kale sutikesi. Nchifukwa chakenso sindikondwa ndikamva mnyamata akunyoza fomu ya NCHE ati iye maso ali kunja. Thandizo lolipira zonse limapezeka kwambiri pa masters kusiyana ndi pa digiri yoyamba. Digiri ya ku UNIMA, MUBAS, Mzuni, LUANAR, MUST, KUHeS kapena ya pa Nguludi pompano, pamene yunivesite ya Katolika inatsegulidwa mu 2006, ndi imene imatsegulira anthu ambiri khomo la kunja. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Komanso kuthamanga sikufika. Pali mapepala ena amene amaola ngati tomato. Zotsatira za mayeso a Chingerezi, IELTS kapena TOEFL, zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Wopita ku Britain kuchokera ku Malawi amayezedwa TB, ndipo satifiketi yake imakhala miyezi isanu ndi umodzi. Wodzilipirira amayenera kusonyeza kuti ndalama zakhala mu akaunti masiku 28 otsatizana asanapemphe visa. Ukazichita mofulumira kwambiri uzibwereza, ukachedwa sukulu iyamba iwe ulibe. Chilichonse chili ndi mwezi wake, ngati mmene mlimi sadzala pa mvula ya chizimalupsa komanso sadikira Khirisimasi kuti ayambe kulima mizere.

Wotchi ya boma ndi ya ndalama, imene inasautsa a Malikebu ndi a Kayira, sinafe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pakati penipeni pa nyengo ya mafomu. Amene anasunga ndalama ya mayeso kapena ya fomu, zimene mitengo yake imawerengedwa m'madola ndi mapaundi, anadzuka ikuperewera. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo. Malamulo a visa nawonso amasintha ndi ndale za eni dziko. Palibe mwana wasukulu amene angaletse zimenezi. Chimene angachite ndi kusiya mpata, kuti chakudza chosayimba ng'omacho chikafika chimupeze pasipoti ili kale m'thumba.

Kwa ife a kumudzi palinso wotchi yachitatu, imene olemba malangizo a pa intaneti saidziwa. Masiku otsekera ambiri amagwa pakati pa Okutobala ndi Januwale. Miyezi imeneyo pakhomo lililonse ku Ndunde ndalama imapita ku feteleza, ku mbewu ndi ku fizi ya ang'onoang'ono, ndipo Januwale akamafika ufa umakhala utayamba kuchepa. Mvula ikagwa, kabaza amakweza mtengo, ndipo ulendo wa ku Limbe kukajambulitsa mapepala umasanduka nkhani yokambirana banja lonse. Kupempha bambo kapena amalume ndalama ya pasipoti mwezi umenewo ndi kuwaika pa mayeso. Ndalama imaoneka pakhomo nthawi yokolola ndi yogulitsa nandolo. Ndiye nthawi yolipira zolipira ndi imeneyo, ngakhale tsiku lotsekera likuoneka ngati lili kutali.

Mukandifunsa ine, muwerenge chobwerera, miyezi 18 kuchokera tsiku limene mukufuna kulowa m'kalasi. Ngati ndi Seputembala wa chaka chamawa, Malichi ndi Epulo wa chaka chino ndi wofufuza: sukulu ziti zimalandira pepala lanu, thandizo liti limalipira zonse, liti limalipira theka. Deti lililonse mulione pa tsamba la eni ake, chifukwa limasuntha chaka ndi chaka, ndipo uthenga wongotumizirana pa WhatsApp umazungulira ngakhale utatha ntchito. Meyi mpaka Julayi ndi wa pasipoti, satifiketi ndi ma transcript. Nthawi yomweyo pitani kwa aphunzitsi amene adzakulembereni kalata ya umboni, muwapemphe mwaulemu pakadali miyezi, osati kuwaimbira usiku kuti mawa akutseka. Ogasiti ndi Seputembala ndi wolemba nkhani yanu, kuipereka kwa wina aiwerenge, nkuilembanso. Fomu muitumize sabata yathunthu tsiku lisanakwane, poti magetsi ndi bandulo sizilonjeza kanthu. Mayankho amabwera chaka chikatembenuka, ndipo visa, kuyezetsa ndi tikiti zimadza pambuyo pake. Mmera mpoyamba.

Chaka chilichonse pa 15 Januwale dziko limapuma kukumbukira a Chilembwe, ndipo anthu amasonkhana ku Mbombwe. Tsiku limenelo limapeza makomo ambiri a sukulu za kunja atatsekedwa kale kapena ali pafupi kutsekedwa. Ngati holide imeneyi idzakupezeni musanayambe kanthu, musataye mtima ndipo musathamangire kudzaza fomu mwachisawawa. A Chilembwe anakonzekera zaka zisanu, a Kamuzu khumi. Inu mukufunika chaka ndi theka. Tengani kope, lembani mwezi umene mukufuna kudzanyamuka, muyambe kuwerenga chobwerera.