Gitala ya besi ndi ampulifaya zogwiritsidwapo kale ntchito ku Malawi

Gitala ya besi, yomwe oimba amangoitchula kuti besi, ndi chida choimbira cha nsambo zonenepa chimene chimatulutsa mawu apansi pa nyimbo. Payokha siimveka patali, choncho imalumikizidwa ku ampulifaya, makina amene amakweza mawuwo n'kuwatumiza ku sipika. Zida ziwirizi zimachokera kunja kwa dziko la Malawi, ndipo zambiri mwa zimene zili m'matchalitchi ndi m'magulu oimba a m'maboma zinafika zitadutsa kale m'manja mwa anthu ena, monga zimachitira zovala za kaunjika. Kumadera akutali ndi mizinda, monga ku Dwambazi m'boma la Nkhotakota, chimene chimapatsa chida chotere phindu n'chakuti chigwire ntchito ndi magetsi omwe alipo, ndiponso chikawonongeka pakhale wotha kuchikonza pafupi. Dzina lolembedwa pamutu pa gitala limabwera pambuyo.

Chiyambi ndi kapangidwe

Paul Tutmarc wa ku Seattle ku America anapanga besi ya magetsi m'zaka za m'ma 1930, koma inafala pamene Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951. Jazz Bass, ya khosi lochepa, inatsatira mu 1960. Mabesi ochuluka opangidwa ndi makampani ena amatengera maonekedwe a ziwirizi, n'chifukwa chake zipangizo zosinthira za mtundu umenewu sizivuta kupeza.

Besi yodziwika ili ndi nsambo zinayi, zomwe ena amati mawaya, zochunidwa pa E, A, D ndi G. Gawo la nsambo limene limalira ndi lotalika mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86. Nsambo ya E imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi. Palinso besi ya nsambo zisanu, yokhala ndi B wotsika kwambiri wonjenjemera ka 31 pa sekondi, ndipo oimba nyimbo zauzimu amaikonda. Mawu otsika chonchi amafuna sipika yaikulu ndi mphamvu zambiri kuposa gitala wamba.

Besi m'nyimbo za Amalawi

Amalawi ankaimba besi magitala a magetsi asanafale. Babatoni ndi besi ya nsambo imodzi yopangidwa pamanja ndi mtengo wautali, waya, ndi bokosi kapena ng'oma yokutidwa ndi chikopa. Gulu la Daniel ndi Donald Kachamba la ku Chileka, lomwe katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik anayamba kulijambula mu 1967, linkagwiritsa ntchito besi ya nsambo imodzi pa nyimbo zake za kwela. Masiku ano babatoni yamveka m'maiko akutali kudzera mwa Yobu Maligwa wa Madalitso Band ya ku Lilongwe ndi Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, amene amaiimba ndi kamtengo ndi botolo. Ku Zambia nyimbo za kalindula zinatenga dzina kuchokera ku besi yopangidwa pamanja yofanana ndi imeneyi.

Besi ya magetsi inalowa kudzera m'magulu okhala ndi owathandiza, monga MBC Band, Police Orchestra, ndi Alleluya Band ya ku Balaka yomwe inayamba mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika. Nyimbo za reggae zitakhazikika, makamaka za Black Missionaries ya ku Chileka momwe Peter Amidu amaimba besi, chidachi chinasanduka msana wa gulu. Ku Zimbabwe, Alick Macheso, wobadwa mu 1968 kwa bambo wochokera ku Malawi, anaika besi patsogolo m'nyimbo za sungura, ndipo anyamata ambiri ophunzira besi kuno amayesera kaimbidwe kake kothamanga. Kaimbidwe kotere sikatheka pa gitala ya nsambo zotalikira khosi.

Njira zimene zida zimadzera

Njira yakale ndi ya ku South Africa, komwe anthu amati ku Joni. Kuyambira nthawi ya WENELA, yomwe inaleka kulemba Amalawi mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndi ya TEBA pambuyo pake, obwerera kwawo ankabwera ndi mawailesi, magalamafoni ndi magitala. Lero zida zimagulidwa m'masitolo a katundu wakale monga Cash Crusaders ndi Cash Converters, kapena kwa oimba amene akusintha zida, n'kukwezedwa pa basi kapena lole kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, mpaka pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza. Zina zimachokera ku Dar es Salaam ndipo zimalowera pa Songwe ku Karonga. Zina ndi mphatso za mipingo ya ku Ulaya ndi ku America, zobwera m'makontena pamodzi ndi mabuku ndi zovala. Zonsezi zimayenera kuonetsedwa ku bungwe lotolera misonkho la MRA polowa.

Zikalowa, zimazungulira. Tchalitchi cha m'tauni chikagula zatsopano chimapereka kapena kugulitsa zakale ku nthambi zake za kumudzi. Gulu loimba likatha, zida zake zimamwazikana. Malonda ambiri tsopano amalengezedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndalama n'kutumizidwa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo pakati pamakhala madobadoba amene amaonjezerapo yawo. Mayina amene amaonekaoneka ndi Yamaha ndi Ibanez a ku Japan, Cort ya ku South Korea, Peavey ya ku America, ndi Squier, dzina limene Fender inayamba kuika pa magitala ake otsika mtengo mu 1982.

Kuyesa gitala

Khosi ndilo loyamba kuona. Nsambo zinayi zikachunidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, ndipo chimene chimaliletsa kupindika ndi chitsulo chachitali chobisika mkati mwake, chotchedwa truss rod, chomwe chimamangidwa kapena kumasulidwa ndi kasipanala. Woyesa amadina nsambo pa fureti yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, n'kuona mpata wotsala pakati pa nsambo ndi mafureti a pakatikati. Mpatawo uyenera kukhala wosakwana milimita imodzi. Ukakhala waukulu, khosi lapindika, ndipo vutolo limatha ngati chitsulocho chikutembenuka. Ngati chinathyoka, kapena mutu wake unadyeka moti sipanala siigwira, gitalayo yatsala pang'ono kukhala ya zipangizo basi. Choipa kuposa pamenepa ndi khosi lopotoka, loti mbali imodzi yakwera ina yatsika. Limaoneka munthu akasuzumira kuchokera kumutu ngati akuyeza thabwa, ndipo palibe chomanga chimene chingaliwongole.

Kenako nsambo iliyonse imaimbidwa fureti ndi fureti mpaka kumapeto, kumvetsera pamene ikulira mokhweremera kapena kufa msanga. Pa fureti ya 12 liwu liyenera kufanana ndi la nsambo yosadina, kungoti lokwera. Likasemphana pang'ono, amakonza ndi tizomanga ta pa bridge, pamene nsambo zimakhazikika pathupi la gitala.

Zotsala n'zopepuka. Zopotokola za voliyumu zikamakanda mawu, kapena pobayira chingwe pakamagwedera, wokonza mawailesi aliyense amatha kutsuka kapena kuwotcherera. Utoto wosupuka sukhudza mawu ngakhale pang'ono, ndipo wogula wanzeru amangouona ngati potsitsira mtengo. Besi zina zimakhala ndi batire ya mavoti 9 kumsana kwake. Batireyo ikatha mawu amasweka kapena kuzimiratu, ndipo magitala abwino agulitsidwapo motchipa chifukwa cha kabatire komweko. Imathanso msanga chingwe chikasiyidwa chobaya usiku wonse.

Dzina la pamutu limanamiza. Pali magitala otchipa omatidwa chizindikiro cha Fender kapena Ibanez. Nambala ya fakitale yolembedwa kuseri kwa mutu kapena pa kachitsulo kolumikiza khosi ndi thupi imatha kufufuzidwa pa intaneti. Komabe Yamaha kapena Cort yeniyeni ya khosi lowongoka imatumikira kwaya bwino kuposa Fender yeniyeni yopotoka.

Ampulifaya ndi magetsi

Ndalama zambiri zimatayika pa ampulifaya kuposa pa gitala, ndipo gwero lake kawirikawiri ndi magetsi. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230. A ku South Africa ndi a ku Britain ndi ofanana nawo, moti zida za ku South Africa zimangofuna kusintha pulagi. Za ku America zinapangidwira mavoti 120, za ku Japan 100, ndipo zikabayidwa pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu zimatha kupsa nthawi yomweyo. Nambalayo imalembedwa kuseri, pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Mphatso za mipingo ya ku America zimafunika kuonedwa pamenepa zisanayatsidwe.

Posintha pulagi, ena amasiya waya wa earth osalumikiza. Ampulifaya imalirabe, koma ikakhala ndi vuto mkati magetsi amatha kudutsira pa nsambo, n'kugwira woimba akakhudza maikolofoni. Ngozi imeneyi yaphapo oimba m'maiko osiyanasiyana.

Nambala ina yofunika ndi ya ohm, yomwe imasonyeza katundu amene sipika ikusenzetsa ampulifaya. Masipika awiri a 8 ohm akalumikizidwa m'njira yozolowereka amapanga 4, ndipo awiri a 4 amapanga 2. Maampulifaya ambiri salola kutsika pansi pa 4. Chizolowezi choonjezera masipika pa ukwati kapena pa msonkhano wa chitsitsimutso kuti mawu afike patali ndicho chimawotcha ambiri. Kuimbira besi pa ampulifaya ya gitala wamba nakonso kumang'amba sipika.

Poyesa, ampulifaya imayatsidwa n'kuimbidwa kwa mphindi zosachepera 20, chifukwa mavuto ena amaonekera ikatentha. Kung'ung'udza kosatha, komveka ngakhale gitala isanabayidwe, kumasonyeza ma capacitor okalamba. Sipika ikakankhidwa pang'onopang'ono ndi zala, makina atazimitsidwa, iyenera kuyenda mosakhula. Fyuzi ndi yofunikanso kuitsegula: ikapezeka yokulungidwa ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ndiye kuti inkapsaipsa ndipo wina anangobisa vutolo.

Maampulifaya akale a matransisita, olemera chifukwa cha thiransifoma yaikulu, monga a Peavey a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ali ndi zipangizo zazikulu zimene mmisiri wa pamsika amatha kuchotsa ndi kusintha. Amakono a class D ndi opepuka ndipo sadya magetsi ambiri, koma akapsa nthawi zambiri pamafunika bolodi yonse yatsopano kuchokera kunja. A mavavu, monga Ampeg SVT ya mu 1969, amatamandidwa ndi osonkhanitsa zida ku Ulaya ndi ku America, koma mavavu ake sapezeka wamba kuno, ndipo amawonongeka akayatsidwa popanda sipika.

Ku Dwambazi

Dwambazi ili kumpoto kwenikweni kwa boma la Nkhotakota, pa msewu wa M5, pamene mtsinje wa Dwambazi umalekanitsa bomali ndi la Nkhata Bay. Anthu ake amalankhula Chitonga ndi Chichewa, ndipo ambiri ndi asodzi ndi alimi a chinangwa ndi mpunga. Malo a malonda aakulu oyandikira ndi Dwangwa, komwe kuli fakitale ya shuga ya Illovo, koma zida zoimbira ndi nsambo zimafunidwa ku Mzuzu kudzera ku Chintheche, kapena ku Lilongwe kudzera ku Salima. Mabanja a m'mbali mwa nyanja muno akhala akutumiza anthu ku South Africa ndi ku Zimbabwe kwa mibadwo, choncho m'bale wa kunja ndi njira ina yopezera chida.

Nyengo ya kunyanja imakhudza zida mwa njira yakeyake. Chinyezi cha dzinja chimatupitsa mtengo ndi kuchititsa dzimbiri nsambo, zomangira ndi pobayira zingwe, pomwe kutentha kwa October ndi November kumaumitsa khosi, moti gitala yochunidwa bwino ku Lilongwe imafuna kuonedwanso ikakhala milungu ingapo kunyanja. Nsambo za besi n'zodula, ndiye oimba amazipukuta akamaliza kuimba, ndipo ena amaziwiritsa m'madzi kuti litsiro lichoke ndi mawu abwerere kwa kanthawi. M'chaka cha 2024, kumapeto kwa February, madzi osefukira anawononga nyumba ndi msewu m'dera la Dwangwa. Chida chimene chinamirapo chimadziwika ndi matope ouma mkati mwa bokosi ndi thabwa lofufuma m'munsi.

Kumene mawaya a ESCOM sanafike, kapena magetsi akazima, nyimbo zimadalira jenereta kapena sola yokhala ndi batire ndi inveta. Jenereta yaing'ono imakweza ndi kutsitsa mphamvu, ndipo inveta yotchipa imalowetsa phokoso m'masipika. Lamulo la oimba n'lakuti jenereta iyambe yadzuka n'kukhazikika ampulifaya isanayatsidwe, ndipo ampulifaya izimitsidwe jenereta isanazime. Matchalitchi ena sagula n'komwe ampulifaya ya besi, amangolowetsa gitala mu mikisa pamodzi ndi kiyibodi ndi maikolofoni.

Mtengo ndi umwini

Mtengo wa chida chakale umatsata mtengo wa chatsopano kunja, choncho umakwera kwacha ikagwa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zida zomwe kwina zikanatayidwa zinapitiriza kukonzedwa ndi kugulitsidwa. Kunenerera n'kozolowereka. Wogulitsa amene wasunga chikwama cha gitala, chingwe ndi lisiti amapeza mtengo wabwinopo.

Zida zambiri si za munthu mmodzi. Zimagulidwa ndi ndalama zosonkha za kwaya, za achinyamata kapena za pa pepa Sande, ndipo mikangano imabuka woimba besi akasamuka kapena mpingo ukagawikana. Zida za m'matchalitchi zimabedwanso, ndipo kulandira katundu ukudziwa kuti ndi wakuba ndi mlandu m'malamulo a Malawi. Pachifukwa ichi makomiti osamala amalemba kalata ya mgwirizano yokhala ndi nambala ya fakitale ya chidacho, mtengo, ndi mayina a mboni za mbali zonse ziwiri, ndipo kalatayo imasungidwa ndi mlembi kapena msungichuma, osati ndi woimbayo.